Phazi la Bambo pa Nyali Yofiira

Mudzi wathu tinayamba kuumva m'mphuno tisanauone ndi maso. Tinkachokera ku sukulu ya pamtunda kufupi ndi Mongue, kumene tinakhala milungu ingapo madzi atatithamangitsa, ndipo titangoyamba kutsetsereka fungo linatichingamira panjira. Linali fungo la nkhuku zofa, la chimanga chowolera m'nkhokwe, la zimbudzi zimene zinasefukira n'kusakanikirana ndi matope a pabwalo. Mayi anali atabereka mlongo wanga wamng'ono, Zito, pamutu atasenza ndowa. Bambo ankakankha njinga imene tinamangirirapo mphasa ndi lona, chinsalu cha pulasitiki chotchinga mvula. Ine ndinatseka mphuno ndi nsonga ya diresi, koma mayi anandimenya dzanja nati ndisiye zimenezo, kumeneko n'kwathu.

Ndinali ndi zaka pafupifupi khumi, ndipo ndinali mwana wonyansidwa msanga. Tsitsi limodzi m'ndiwo linkandigoneka ndi njala. Ntchentche ikagwera m'kapu, kapuyo ndinkaisala mpaka mawa lake ngakhale itsukidwe ndi phulusa. Mudzi wonse unkanditcha Dona Roza, ndipo amayi a pachitsime ankati ndidzakwatiwa ndi mwini fakitale ya sopo. Sindinkaona choseketsa. Mpaka lero ndikamva fungo la chinthu chowola, malovu amadzaza m'kamwa ndipo ndimafuna kuchoka. Mwana wotereyu ndi amene anamubweretsa kudzakhala pamatope a zimbudzi za mudzi wonse.

Nyumba yathu tinaipeza itagwa mbali zitatu. Khoma limene linatsala linali ndi mzere wakuda wosonyeza pamene madzi anafika, ndipo pamwamba pa mzerewo panamera chuku chobiriwira ngati ubweya. Malata anali atamira m'matope kuseri kwa khola. Bambo anamangirira lona kuchokera pakhomalo kukafika pamtengo wa mango, ndipo imeneyo inakhala nyumba yathu. Pansi pankatuluka madzi ukapondapo. Mphasa inkanyowa, zofunda zinkanunkha ngati galu wovumbwa, achule ankagona nafe. M'mphika umene tinaufukula munali nyongolotsi zokulungana, ndipo ngakhale mayi anaukwecha ndi mchenga, ine ndinkadziwabe kuti mphika wake ndi womwewo.

Ku sukulu kuja anthu othandiza anatipatsa lona, ndowa ndi nyali ya mabatire. Koloboyi wathu anapita ndi madzi, ndipo palafini panthawiyo ankasowa. Nyaliyo inali ya pulasitiki, ya chogwirira cha waya, ndipo m'kati mwake munali timaso ting'onoting'ono tondondozana. Sinkafuka utsi, sinkatentha, mphepo sinkaizimitsa. Bambo ankaitcha lantena, ndipo mabatire ake ankawasamala kuposa mchere. Masana ankawatulutsa n'kuwayanika pamwala kuti akoke mphamvu padzuwa, ndipo akafooka ankawaluma pang'ono m'mbali. Ankailola kuyaka kanthawi kochepa chabe dzuwa likangolowa, pa nthawi ya chakudya ndi yoyala mphasa.

Ine nyaliyo ndinadana nayo tsiku loyamba lomwelo. Koloboyi anali ndi ulemu, ankaunika mbale n'kusiya zina zonse mumdima. Iyi inalibe manyazi. Kuwala kwake kunali koyera mbuu, kozizira, ndipo kunkaonetsa chilichonse: mphemvu zoyenda pa lona, nkhono zopanda chigoba zokwera khoma, mamina ouma pamphuno ya Zito, litsiro la m'zikhadabo za amene ukudya naye. Chakudya chathu chinali makaka, chinangwa chouma chimene mayi anachipulumutsa padenga la khola chitachita kale madontho akuda. Pa nyaliyo dontho lililonse linkaoneka palokha. Tizilombo touluka ta m'dambo monse tinkabweranso kudzazungulira kuwalako n'kumagwera m'mbale. Ndinkadya nditatsinzina, ndipo nthawi zina ndinkangonama kuti m'mimba mukundipweteka.

Bambo anavulala pofukula malata aja. Anaponda m'mphepete mwa lata ladzimbiri limene linabisika m'matope, ndipo linawacheka phazi lamanzere kuyambira pakati pa zala kutsikira kunsi. Magazi anatuluka ambiri, koma iwo anangotukwana latalo, n'kung'amba kapulana, chitenje chakale cha mayi, kumanga, n'kupitiriza kukoka. Bambo anali munthu wa njinga. Madzi asanabwere ankanyamula nyemba ndi nandolo za anthu kupita nazo ku Milange, nthawi zina mpaka kuwoloka ku Muloza, ndipo mapazi awo anali olimba ngati matayala. Zilonda ankaziona ngati zinthu za ana. Madzulo a tsikulo anaseka nati lata lalawa nyama yolimba, mano ake aguluka.

Vuto linali ntchito imene inkawadikira. Amuna a mbali yathu ya mudzi anapangana zomangirana nyumba mosinthana, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo chaka chimenecho mawuwa sanali mwambi chabe. Njerwa sizikanauma, choncho ankazika mitengo, kumangirira nsungwi, kenaka n'kuphoma ndi dothi. Akazi ankatunga madzi, amuna ankaponda dothi m'dzenje ndi mapazi mpaka lifewe. Lamulo linali limodzi: amene wajomba pa nyumba ya mnzake, yake aidumpha. Sizinali zoopseza chabe. A Bonifasiyo anapita ku maliro a mlamu wawo ku Majaua, ndipo pobwera anapeza malo awo atapatsidwa wina. Banja lawo linatsala pansi pa lona, ndipo palibe amene ananena kuti zalakwika. Pa maere amene anachita, nyumba yathu inagwera kumapeto kwenikweni.

Choncho m'mawa uliwonse, kusanayere bwino, bambo ankavala jumbo la pulasitiki pamwamba pa nsanza, kumanga ndi mphira ya chubu pa kakolo, n'kupita kukaponda dothi. Ankabwera dzuwa litalowa. Mayi ankafunditsa madzi amchere, ndipo ntchito yanga inali kugwira nyali. Ankati ndine wa manja osanjenjemera, koma zoona zake n'zakuti panalibe wina. Jumbo likamasulidwa, munkatuluka madzi amatope osakanikirana ndi zina. Khungu linkakhala loyera, lamakwinya ngati la nkhuku yososoledwa m'madzi otentha, ndipo chilondacho chinali chitatsegula kukamwa, m'mbali muli mafinya achikasu. Mayi ankatsuka, n'kuthyola kapisozi wogula pamsika n'kuwaza ufa wake. Ine ndinkatembenuzira nkhope kumbali, nyali n'kupendekeka, mayi n'kukalipa kuti ndikuunika khoma. Kangapo ndinathamangira kuseri kwa mango kukasanza, ndipo pobwera ndinkapeza akundidikira, nyali ili pansi.

Patapita masiku, mayi anayamba kunena za chipatala. Tsiku lina anakanikiza m'mbali mwa chilonda, n'kuyang'anitsitsa, nati, “Bambo a Roza, apa payamba kuda. Mawa mupite ku Milange.” Bambo anayankha kuti limenelo ndi dothi lalowa m'khungu. Mayi anati dothi limachoka ndi madzi. Bambo anatembenuka. Anayang'ana kumene kunagona Zito, amene chibwerereni ankatsokomola chifuwa cholira ngati chitseko, ndipo anati, “Akandigoneka kumeneko, mwanayu chiperoni chimupeza pansi pa lona. Ukufuna tikhale ngati a Bonifasiyo?” Mvula inali ikupita kumapeto, ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhungu yozizira ikayamba kutsika m'mapiri, ana ofooka ndi amene imayamba nawo. Mayi anamanga chilondacho, koma anati mawa achionanso.

Mawa lake bambo anabwera ndi nkhani ya tizilombo. Anati kuwala koyeraku n'kumene kukuitana tizilombo tonse ta m'dambo, ndiponso kukupweteka maso a mwana. Anayamba ndi jumbo la buluu, kulikulunga pa nyali. Tonse tinaoneka ngati mitembo, ndipo mayi anati achotse msanga zimenezo. Kenaka anatulutsa m'thumba pepala lofiira lowala, la mtundu wokutira mabisiketi, limene anati analitola kumsika wa Mongue. Analiwongola pabondo mosamala, kulizunguliza kawiri pagalasi la nyali, n'kumanga pamwamba ndi pansi ndi timphira ta chubu. Popeza nyaliyo sinkatentha, pepalalo silinasungunuke. Atayatsa, pansi pa lona ponse panafiira ngati pafupi ndi makala.

Ndinasangalala, sindinama. Tizilombo tinachepadi, pa zimenezo bambo sananame. Mphemvu zinasanduka timithunzi. Madontho akuda a makaka anazimirira, ndipo tsiku limenelo ndinadya n'kupempha zina, mpaka mayi anati Dona wachira. Nkhope ya mayi, imene pa kuwala koyera inkaoneka yotuwa ndi yotopa, inabwerera kukhala ya mayi anga. Zito ankatambasula manja kufuna kugwira. Ana a mabanja oyandikana nafe anabwera kudzaona, ndipo posakhalitsa mudzi wonse unayamba kusakasaka mapepala. Ena anapeza achikasu, ena obiriwira, ndipo madzulo ukaima pachulu unkaona malona akuwala mitundumitundu ngati kutchalitchi pa Khirisimasi. Ndinkanyadira kuti nzeru imeneyi inayambira kwathu.

Chilonda nachonso chinaoneka ngati chayamba kumva mankhwala. Pa kuwala kofiira mafinya sankaoneka achikasu, kuda kuja kunangokhala ngati mthunzi, ndipo phazi lonse linkaoneka la mtundu umodzi, ngati nyama yamoyo. Ndinayamba kugwira nyali mowongoka, osasanza. Mayi ankawerama, kuyang'ana, n'kunena kuti mwina pakuuma. Fungo lokha ndi limene silinamvere. Linali lina, lotsekemera moipa, losiyana ndi la zimbudzi, ndipo linkatsalira m'zofunda bambo akadzuka. Nditanena, bambo anati dzenje limene akupondamo lili pafupi ndi pamene panafera mbuzi. M'mudzi mmene chilichonse chinkanunkha, yankho limenelo linali lokwanira. Masana phazilo silinkaonedwa ndi munthu. Lamulungu ankavala jombo yobwereka n'kukhala kumbuyo m'tchalitchi, ndipo mayi akati alione padzuwa, iwo ankati chilonda sachitsegulatsegula, chimalowa mphepo.

Nyumba zinkaimirira imodzi ndi imodzi, ndipo bambo ankachepa. Anayamba kuyenda ndi ndodo ya nsungwi, imene ankaibisa m'tchire akayandikira kuntchito. Mwanabere anatupa. Madzulo ankanjenjemera ngati wa malungo, thukuta lili kamukamu, ndipo chakudya ankangochilawa. Nthabwala zawo zinatha, kupatula imodzi imene ankaibwereza: ankatchula mayina a eni nyumba zimene zatsala tisanafike ife, ngati mwana wowerenga masiku a tchuthi. Mayi ankawagulira mankhwala a malungo. Ine ndinasiya kukhala pafupi nawo. Akandiitana kuti ndiwapatse madzi, ndinkapereka kapu nditatambasula mkono wonse, mpweya nditaugwira. Ankaona, koma ankangolandira kapuyo.

Azakhali a Marita, mlongo wawo wa bambo, anafika tsiku limene kunatsala nyumba imodzi yokha yathu isanafike. Ankakhala ku Milange, kumene ankagulitsa nyama ya mbuzi ndi nsomba mumsika, ndipo anali mayi wa pakamwa posatseka. Njira inali itangoyamba kupitika, ndipo anabwera pa njinga yakabaza atanyamula mchere, sopo ndi matemba. Anandipsompsona, n'kundinena kuti ndaonda ngati udzudzu, n'kufunsa ngati Dona wapeza kale mwamuna wa sopo. Anayendera bwinja lathu akupukusa mutu. Dzuwa litalowa bambo anatulukira, ndipo azakhali atawaona akutsimphina anasiya kuseka. Mayi anatenga madzi amchere, ine ndinayatsa nyali monga mwa masiku onse.

Azakhali anayang'ana nyaliyo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana bambo. “Achimwene, mwayamba liti kugulitsa nyama?” anafunsa. Bambo anati n'chifukwa cha tizilombo. Azakhali anatembenukira kwa mayi nati, “Alamu, ife kumsika nyama ikagona, ikayamba kubiriwira, madzulo timaiika pansi pa nyali yotereyi. Imaoneka ngati yophedwa lero. Pepala limeneli ndimalidziwa, ndipo achimwenewa amalidziwanso, akhala akunditulira katundu pabenchi panga.” Sanadikire yankho. Anandigwira dzanja limene linali ndi nyali, n'kukoka timphira tija, pepala n'kugwera m'beseni.

Zimene ndinaona sindidzaziiwala, ngakhale ndayesetsa. Zala za kumapeto zinali zakuda bii, zofota ngati nthochi zowolera pamtengo. Pamwamba pa phazi panali potupa, pobiriwira, ponyezimira, ndipo mzere wofiira unkakwera kulowera kumsongolo. M'kati mwa chilonda munali mphutsi. Zinali zoyera, zonenepa, ndipo kuwala kutazigunda zinayamba kulowa pansi. Ndinazindikira kuti masiku apitawo ndinkaziona, koma pa kuwala kofiira ndinkaziyesa ufa wa kapisozi wogwirana. Ndinasanza pomwepo, pamapazi anga, koma azakhali sanandisiye dzanja. Mayi anaika manja kumutu. Bambo anawerama, kuyang'ana phazi lawo, pakamwa pali yasa, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

Atayamba kulankhula, ananena za nyumba. Anati kwatsala ya a Manuwele yokha, mawa, kenaka yathu. Anati apirira zonsezi, sangataye malo chifukwa cha tsiku limodzi. Azakhali anati matenda munthu angabise koma maliro sabisika, ndipo anafunsa ngati akufuna nyumbayo ikhale yolandiriramo anthu opepesa. Bambo anati azakhaliwo ndi mkazi wa m'tauni, za kumudzi sakuzidziwa. Anakangana ngati ana, uyu kukumbutsa mnzake za kale, mpaka mayi anaimirira. Anamanga Zito kumsana, kundilanda nyali, nati ndiwatsate. Anauza bambo kuti, “Mawa mukupita ku Milange. Dothi la a Manuwele ndikaponda ine.”

A Manuwele tinawapeza atakhala panja pa lona lawo ndi amuna ena awiri. Mayi anagwada monga mwa ulemu, n'kufotokoza zonse. A Manuwele anakanda kumutu nati dzenje ndi la amuna, zoti mkazi alowemo sizinachitikepo. Kenaka, pofuna kuoneka achifundo, anawonjezera kuti, “Ifetu timaona, mayi. Jumbo lija limatuluka zinthu m'dothi, ndipo fungo lake tonse timalimva. Koma munthu wamkulu sungamuuze za thupi lake.” Mayi anafunsa kuti akhala akuona kuyambira liti.  Mmodzi wa amuna aja anayang'ana kumbali n'kulavula. Mayi anadzuka osatsanzika bwino, nati mawa afika kusanache, ndipo amene akufuna kuwatulutsa m'dzenjemo adzawanyamule. Pobwerera ndinkayang'ana nyumba zatsopano zija, zosalala, zonunkhira dothi, ndipo ndinaganiza kuti m'khoma lililonse muli mafinya a bambo anga. Chaka chonsecho sindinatsamire khoma la munthu aliyense m'mudzimo.

M'mawa azakhali anakweza bambo pa njinga yawo yomwe, pampando wa katundu pamene ankamangirirapo matumba a nyemba. Mnyamata wakabaza uja ankakankha, azakhali atagwira kumbuyo, mpaka kumsewu kumene kunkadutsa galimoto. Bambo sanatsanzike. Ine ndinatsala ndi Zito, ndipo ndinapita naye kukakhala pamthunzi pafupi ndi dzenje la a Manuwele. Mayi anakwinyira kapulana m'mawondo n'kulowa. Amuna anaima kaye, kuyang'anana, wina anaseka pang'ono, koma palibe amene anawagwira. Mayi anaponda tsiku lonse osalankhula ndi munthu. Madzi akumwa amene mkazi wa a Manuwele anawabweretsera anawakana, anatuma ine kukatunga kwathu.

Tsiku lathu litafika, amuna onse anabwera. Anagwira ntchito mofulumira, mitu ili pansi, popanda nyimbo zimene ankaimba pa nyumba zina. A Bonifasiyo nawonso anabwera ngakhale panalibe chowakakamiza, ndipo ndi amene anakhoma malata. Khoma la kumbuyo linapendekeka pang'ono, ndipo malata akale aja anali ndi mabowo amene mayi anawamata ndi phula. Koma inali nyumba. Chiperoni chitafika, chinatipeza m'kati, moto uli pakati, ndipo chifuwa cha Zito chinayamba kupepuka. Banja la a Bonifasiyo linatha nyengo yonse yozizira pansi pa lona, ndipo mwana wawo wamng'ono anadwala mpaka kugonekedwa. Mayi ankawatengera phala m'mawa. Pepala lofiira lija mayi analiponya pamoto, ndipo nyali inabwerera kuyera kwake kwankhanza, mphemvu ndi madontho a makaka n'kubwereranso.

Bambo anabwera patapita nthawi, atatsamira ndodo ya chipatala. Anawadula zala zonse ndi theka la phazi, ndipo anamwino anauza azakhali kuti akanachedwa pang'ono mwendo wonse ukanapita. Atafika sanalowe msanga. Anazungulira nyumba akugogoda makoma ndi ndodo, n'kufunsa ngati denga likudontha. Njinga anaipalasabe m'zaka zotsatira, koma katundu wolemera wa ku Muloza anamusiya. Chotsala cha phazicho chinapola bwino, chosalala, chopindika ngati chibakera, koma ine sindinkafuna kuchiona. Ndinkanyansidwa nacho, ndipo ndinkanyansidwa nawonso eni ake. Ndinkati munthu wamkulu anatenga nzeru ya ogulitsa nyama yowola n'kunamiza nayo mkazi wake, n'kundigwiritsa ine nyali ya bodzalo. Kwa nthawi yaitali ndinkakana kudya mbale imodzi ndi iwo, ndipo mayi akafuna kundimenya, bambo ankati andisiye, Dona ali ndi chifukwa.

Panthawiyo ndinkakhulupirira kuti bambo ankadziwa zonse, ndipo kukhala chete kwawo pepala litagwa ndinkakuyesa manyazi a wakuba wogwidwa. Ndinawafunsa za zimenezi ndili wamkulu kale, ndili ndi mwana wanga kumsana, tsiku lina masana akukonza tcheni cha njinga pakhonde la nyumba yomweyo. Ndinafunsa kuti ankamva bwanji poona phazi likuwola iwo n'kumatiuza za mbuzi yakufa. Anapukuta manja pa buluku, n'kuyang'ana tcheni, nati, “Kuona kwake kuti? Ine masana sindinkamasula. Tsiku limene mayi ako ananena kuti payamba kuda ndinachita mantha, ndipo ndinadziwa kuti ndikapaonanso sindidzukanso kupita kudzenje.” Anabwerera ku tcheni chawo. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti pepala lija anakutira maso a mayi ndi anga. Sindinaganizepo kuti madzulo aliwonse, ine nditagwira nyali, munthu amene ankawerama pafupi kwambiri ndi phazilo, kufuna kuona kuti likupola, anali mwini wake.